Mankhwala Atsopano a Khansa ya Ana Asakhale a Olemera Okha

Pa 30 Ogasiti 2017 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala m'dziko la America, lotchedwa FDA, linavomereza mankhwala a mtundu umene anthu anali asanauonepo chiyambire. Mankhwala ambiri amene anthu anazolowera amachokera ku zitsamba, ku nkhungu, kapena amasakanizidwa m'mafakitale. Awa amachokera m'magazi a mwana wodwalayo. Akatswiri amatapa asilikali a m'thupi mwake, nawaphunzitsa kuzindikira khansa, nawachulukitsa, kenaka nawabwezera m'mitsempha yake kuti akamenye nkhondo. Dzina lake pa malonda ndi Kymriah, ndipo kampani ya Novartis inalengeza kuti mtengo wake ndi madola 475,000 pa mwana mmodzi. Motero tsiku limodzi dziko linamva nkhani ziwiri: yakuti ana ena amene madokotala anali atawatayira mtima angathe kuchira, ndi yakuti ana ochuluka a pa dziko lapansi sadzafika ngakhale pakhomo la chipinda chimene mankhwalawo amaperekeramo. Nkhani yoyambayo njoyenera kuikondwerera, koma yachiwiriyo siyenera kuzolowereka.

Kuti munthu amvetse kukula kwa zimene zinachitikazi, ayenera kuyamba waidziwa nthendayo. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. M'menemo mumabadwa maselo ofiira onyamula mpweya wabwino, maselo oyera oteteza thupi ku matenda, amene anthu amawatcha asilikali a m'thupi, ndi tizidutswa tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Khansa ya m'magazi, imene madokotala amaitcha leukaemia, imayamba pamene selo limodzi loyera losakhwima lasokonekera ndi kuyamba kuswana kosalekeza. Maselo otuluka m'menemo sakhwima ndipo sagwira ntchito, koma amadzaza m'mafupa monga udzu umalandira munda wosapalira, mpaka magazi abwino amasowa pomera. Mwana amayera m'maso ndi m'zikhatho, amafooka, amatentha thupi kawirikawiri, amatuluka kamfuno ndi magazi m'nkhama, ndipo amalira kupweteka kwa mafupa. Mtundu wa nthendayi umene umagwira ana ambiri umadziwika ndi zilembo zakuti ALL, ndipo mwa odwala ochuluka gwero lake ndi gulu la maselo oyera otchedwa B. Nthendayi si yopatsirana, ndiponso siibwera chifukwa cha kulakwa kwa mayi kapena bambo.

Mpaka m'zaka za m'ma 1940 mwana wogwidwa ndi nthendayi ankamwalira pa miyezi yowerengeka. Mu 1948 Dr. Sidney Farber wa ku Boston analengeza kuti mankhwala otchedwa aminopterin anabweza nthendayo kwa kanthawi mwa ana 10 pa ana 16 amene anawalandira. Nthendayo inkabwereranso, koma zinadziwika kuti njogonjetseka. Mu 1962 chipatala cha St. Jude chinatsegulidwa ku Memphis, ndipo kumeneko Dr. Donald Pinkel anayamba kupereka mankhwala angapo pamodzi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndi kulondola khansa ku ubongo ndi kumsana kumene inkabisala. Ena mwa mankhwalawo, otchedwa vincristine, amachokera ku kachitsamba ka maluwa ofiirira kapena oyera kochokera ku Madagascar, kotchedwa Catharanthus roseus, kamene anthu ambiri m'maiko otentha amakabzala pakhomo pongofuna maluwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 theka la ana olandira chithandizo cha Pinkel linali kuchira. Lero m'maiko olemera ana pafupifupi 90 pa 100 alionse odwala ALL amakhala ndi moyo zaka zisanu zitadutsa, ndipo ambiri mwa iwo amachiriratu.

Komabe pali ana ena, pakati pa 10 ndi 20 pa 100 alionse, amene nthenda imawabwerera. Ikabwerera kachiwiri, kapena ikakana mankhwala ngakhale mwana atamuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, madokotala ankasowa chochita. Kafukufuku wa asilikali ophunzitsidwa anapindulira ana otere poyamba.

Mwa asilikali a m'thupi muli gulu lotchedwa T, dzina lochokera ku kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, kumene maselowa amakhwimira. Ntchito yawo ndi kufufuza ndi kupha maselo amene alowedwa ndi tizirombo. Vuto ndi lakuti khansa si mlendo. Ndi mwana wa m'nyumba momwemo amene wapanduka, ndipo mlonda amamlola kudutsa pachipata chifukwa nkhope yake njodziwika. Funso limene linasautsa akatswiri kwa zaka zambiri linali lakuti: kodi mlondayo angapatsidwe bwanji maso atsopano?

Mu 1989 Dr. Zelig Eshhar ndi anzake a ku Weizmann Institute m'dziko la Israel anaonetsa njira. Thupi limapanga zinthu zotchedwa antibody, zimene zimadziwa kumamatira pa chizindikiro chimodzi chokha. Eshhar anatenga mutu wa antibody naulumikiza ku chigawo chimene chimadzutsa selo la T kuti liphe. Cholumikizidwacho chimatchedwa chimeric antigen receptor, mwachidule CAR, kuchokera ku chirombo cha m'nthano za Agiriki chotchedwa Chimera, chimene chinali ndi mutu wa mkango, thupi la mbuzi ndi mchira wa njoka. Koma maselo oyambawo anali ofooka: ankapha pang'ono, natopa, nafa. Zinatenga zaka zoposa khumi kuti Dr. Michel Sadelain wa ku New York, mu 2002, ndi Dr. Dario Campana wa ku St. Jude, mu 2004, awonjezere chigawo chachiwiri cholimbikitsa selo kuti liswane ndi kukhalitsa m'thupi. Panasankhidwanso chizindikiro choti asilikaliwo azichifuna, chotchedwa CD19, chimene chimapezeka pa maselo a B okhaokha, abwino ndi a khansa omwe. Mu 2010 Dr. Carl June wa pa University of Pennsylvania anayesa maselo otere pa akuluakulu atatu odwala khansa ya m'magazi ya mtundu wina, ndipo awiri mwa iwo nthenda inawathera.

Kapangidwe kake nkotere. Magazi a mwana amadutsa m'makina amene amapatula maselo oyera ndi kubweza otsalawo m'thupi. Maselowo amawaumitsa ndi kuzizira nawatumiza ku labotale. Kumeneko amawalowetsa malangizo atsopano a chibadwa, olembedwa mu DNA, owauza kupanga CAR pakhungu lawo. Chonyamulira malangizowo ndi kachirombo kochokera ku HIV, koma kochotsedwa zigawo zonse zimene zimakachititsa kuswana ndi kudwalitsa. Kamatsala ndi luso limodzi lokha, lolowa m'selo la T ndi kusiyamo uthenga, ndipo sikangapatse munthu Edzi. Kwa anthu a m'maiko amene kachiromboka kanatha mabanja, n'chinthu chodabwitsa kumva kuti luso lomwe kamaonongera chitetezo cha m'thupi ndilo linasandutsidwa chida chopulumutsira ana. Maselo osinthidwawo amawachulukitsa kufikira mamiliyoni, ndipo pakapita milungu itatu kapena inayi amabwerera m'kathumba kakang'ono. Mwana amalandira kaye mankhwala ochepetsa asilikali akale kuti atsopanowo apeze malo, kenaka amamuika maselowo kudzera mumtsempha. Akalowa amapitiriza kuswana, kotero kuti ena amawatcha mankhwala amoyo.

Mwana woyamba kulandira chithandizochi anali Emily Whitehead wa ku Pennsylvania. Anapezeka ndi ALL mu 2010 ali ndi zaka 5, ndipo nthenda inamubwerera kawiri. Mu Epulo 2012 makolo ake anavomera kuti Dr. Stephan Grupp wa pa Children's Hospital of Philadelphia amuike maselo amene anali asanayesedwepo pa mwana aliyense. Patangopita masiku ochepa Emily anatentha thupi koopsa, mtima unalephera kukankha magazi mokwanira, ndipo anamgoneka pa makina othandiza kupuma m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Atayeza magazi ake anapeza kuti chinthu china chimene asilikali a m'thupi amaitanirana nacho pa nkhondo, chotchedwa interleukin-6, chachuluka mopyola muyeso. Dr. June anali kudziwa mankhwala otchedwa tocilizumab, oletsa chinthu chomwecho, chifukwa mwana wake wamkazi anali kudwala nyamakazi ya ana imene mankhwalawo amathandiza. Anampatsa Emily, ndipo m'maola ochepa thupi linayamba kuzizira. Anatsitsimuka pa 2 Meyi, tsiku limene anakwanitsa zaka 7. Atamuyeza m'mafupa sanapezemo khansa. Mu 2022 anakwanitsa zaka khumi ali bwinobwino, ndipo mu 2023 anayamba maphunziro pa yunivesite yomwe mankhwala ake anatulukira.

Ena pofotokoza nkhaniyi amati unali mwayi. Mwayi unalipo ndithu, koma unapeza anthu okonzeka. Panali labotale yotha kuyeza magazi mofulumira, dokotala wodziwa nthenda ina yosakhudzana ndi khansa, mankhwala amene anali kale m'nkhokwe ya chipatala, ndi anamwino amene anasunga moyo wa mwanayo usana ndi usiku mpaka yankho litapezeka. Chimodzi mwa izi chikanasowa, mwanayo akanamwalira, ndipo kafukufuku yense akanaima. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu anatero, ndipo kuchokera pa Eshhar kufika pa Emily panadutsa zaka 23.

Chimwemwe chisaphimbe choonadi. Kuyesa kwakukulu kotchedwa ELIANA, kumene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2018, kunakhudza ana ndi achinyamata 75 a m'maiko osiyanasiyana amene chithandizo china chonse chinawalephera. Mwa iwo, 81 pa 100 alionse anapezeka opanda khansa m'miyezi itatu yoyamba. Chaka chitatha, 76 pa 100 alionse anali moyo, koma theka lokha ndilo linali lisanakumane ndi kubwerera kwa nthenda kapena vuto lina lalikulu. Kwa ana amene analibe chiyembekezo, ziwerengerozi n'zazikulu. Koma zikuonetsanso kuti mabanja ambiri anayenda ulendo wonsewo nabwerera ndi maliro.

Zoopsa zake nazonso n'zodziwika. Kutentha thupi kwa mtundu umene unagwira Emily kunagwira odwala 77 pa 100 alionse m'kuyesa kuja, ndipo ambiri anafunika chipinda cha odwala mwakayakaya. Ena amasokonezeka mutu kwa masiku, kulephera kulankhula kapena kukomoka. Popeza asilikaliwo sasiyanitsa selo la B labwino ndi la khansa, amapha onse, ndipo mwana amafunika kumalandira ma antibody a anthu ena kuti asagwidwe ndi matenda. Nthawi zina khansa imavula chizindikiro cha CD19, ndipo mlonda uja amaiyang'ana osaiona. Mu 2024 bungwe la FDA linalamula kuti mankhwala a mtundu uwu azilembedwa chenjezo lakuti mwa odwala ochepa kwambiri munabuka khansa ina ya maselo a T. Pa zifukwa zimenezi chithandizochi chimaperekedwa makamaka kwa ana amene mankhwala akale awakanika.

Tsono nkhani ya mtengo. Kampani imati mankhwalawa ngodula chifukwa kathumba kalikonse kamapangidwira munthu mmodzi, m'zipinda zaukhondo woposa, ndi antchito ophunzira kwambiri, ndiponso chifukwa amaperekedwa kamodzi kokha. Mfundozi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti maziko a ntchitoyi anamangidwa m'mayunivesite ndi m'zipatala zophunzitsira, ndi ndalama za misonkho ndi za mabungwe achifundo, kampani isanalowe m'pangano ndi University of Pennsylvania mu 2012. N'zoonanso kuti ana amene anayesedwerapo mankhwalawa, pamodzi ndi makolo awo, anaika moyo pachiswe popanda malipiro. Chinthu chopezeka ndi thukuta la anthu ambiri chotero sichiyenera kugulitsidwa ngati ngale ya munthu mmodzi. Ku England boma linachita kukambirana ndi kampani mu 2018, pa mankhwala amene mtengo wake wolembedwa unali mapaundi 282,000, kuti ana azilandira kwaulere m'zipatala za boma. Maiko amene angathe kuchita zimenezo ngowerengeka.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'maiko olemera oposa 80 pa 100 alionse amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Kusiyanaku sikuchokera ku maselo ophunzitsidwa ayi. Kukuchokera ku kuchedwa kuzindikira nthenda, kusowa kwa makina oyezera, kutha kwa mankhwala akale otsika mtengo, kusowa kwa magazi oika odwala, ndi umphawi umene umakakamiza kholo kutulutsa mwana m'chipatala chithandizo chisanathe. N'chifukwa chake mu 2018 WHO inaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azichira paliponse. M'Malawi muno, khansa imodzi imene imagwira ana ambiri ndi ija inafotokozedwa ndi Dr. Denis Burkitt ku Uganda mu 1958, yotupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira. Nayonso ndi ya maselo a B, ndipo imamva mankhwala akale mwana akafika msanga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pamenepa wina angafunse kuti: nanga dziko losauka litayirenji nthawi pa nkhani ya mankhwala a madola 475,000, pamene mwana akumwalira chifukwa chosowa botolo limodzi la magazi? Wofunsayo ali ndi mfundo, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti ndalama zogulira vincristine zipatutsidwire ku maselo ophunzitsidwa. Choyamba ndi choyamba. Koma mbiri ikuchenjeza za kuopsa kovomereza kuti mankhwala ena ndi a maiko ena. M'chaka cha 2000 mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, ndipo panali anthu ophunzira amene ankanena kuti mu Africa sangatheke. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ingawapereke pa madola 350. Mu 2004 Malawi anayamba kuwapereka kwaulere m'zipatala za boma. Mtengo umene unkaoneka ngati phiri losasunthika unagwa chifukwa panali anthu amene anakana kuuvomereza.

Maselo amoyo si mbulu za mankhwala zoti n'kupakira m'katoni, ndipo sadzatsika mtengo mofulumira ngati ma ARV. Komabe njira zayamba kuoneka. Mu 2021 dziko la Spain linavomereza maselo otere opangidwira m'chipatala cha boma cha Hospital Clínic ku Barcelona, operekedwa kwa akuluakulu, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa makampani. Mu Okutobala 2023 dziko la India linavomereza NexCAR19, yopangidwa mogwirizana ndi IIT Bombay ndi chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, pa mtengo wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa ku America. Ku London, pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street, Prof. Waseem Qasim ndi anzake anachiza mwana wa chaka chimodzi mu 2015 ndi maselo ochokera kwa munthu wina wathanzi, okonzedwa kuti asaukire thupi la wolandirayo. Mu 2022 anathandiza mtsikana wa zaka 13 wodwala khansa ya maselo a T, imene njira yoyamba ija siinkaifikira. Ngati maselo a munthu mmodzi angakonzedweretu ndi kusungidwa kuti athandize odwala angapo, nthawi yodikira ndi mtengo womwe zidzachepa. Kafukufuku wofuna kutsitsa mtengo ayenera kulemekezedwa ndi kupatsidwa ndalama mofanana ndi wofuna kuwonjezera mphamvu ya mankhwala, pakuti mankhwala osafika kwa wodwala sanamalize ntchito yake.

Chinthu china chiyenera kumveka bwino. Zimene chithandizo chatsopanochi chimafuna, monga labotale yodalirika, nkhokwe ya magazi, magetsi osazimazima, chipinda cha odwala mwakayakaya ndi anamwino odziwa za khansa, ndizo zomwezo zimene chithandizo chakale chimafuna. Dziko limene likumanga zimenezi lero likupulumutsa ana a lero, ndipo likukonzeratu bwalo la mankhwala a mawa. Ntchitoyi ikufuna anthu. Wachinyamata amene watsiriza sukulu, nakhala akudzifunsa kuti maphunziro a sayansi adzamfikitsa kuti, aone kuti moyo wa Emily Whitehead unadalira woyeza magazi, wosunga mankhwala ndi namwino monga momwe unadalira pulofesa. Amene wakwanitsa zaka zopereka magazi adziwenso kuti mwana wodwala khansa amafuna magazi kambirimbiri, ndipo palibe fakitale yowapanga.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo limene palibe dokotala angawalande, pakuti ndiwo amaona mwana tsiku ndi tsiku. Mwana amene wayamba kuyera m'maso, kugona m'kalasi, kutsimphina popanda bala, kutuluka mikwingwirima osamenyedwa, kutupa anabere, mimba kapena nsagwada, kapena kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, ayenera kupita kuchipatala kukayezedwa magazi. Zizindikirozi kawirikawiri zimachokera ku matenda ena, koma woyeza ndiye angasiyanitse. Mphunzitsi amene aitana kholo nalankhula nalo mwaulemu, banja lisanathere milungu kwa oombeza ndi kulozana zala pamudzi, angapatse mwanayo mwayi umene ndalama sizingagule pambuyo pake. Ndipo mwana akabwerera ku sukulu tsitsi litathothoka ndi mankhwala, mphunzitsi yemweyo ndiye angauze anzake kuti nthendayo siipatsirana, kuti akhale naye pa benchi limodzi.

Mu 1948 kuchiza khansa ya m'magazi kunkaoneka ngati maloto, ndipo mu 1989 kuphunzitsa selo kunkaoneka chimodzimodzi. Zonse ziwiri zinatheka chifukwa anthu anagwira ntchito zaka makumi osataya mtima. Chotsala n'chakuti mwana wobadwira ku Philadelphia ndi wobadwira kutali ndi msewu wa tala akhale ndi mwayi wofanana wokula. Maboma, makampani ndi mayunivesite ali ndi ngongole imeneyi kwa ana onse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.